Phale Losowa

Ku Glasgow dzuwa limaweruka folo koloko isanakwane,
ine n'kutsala ndi makiyi, wailesi ya m'chiuno
ndi mbale zogona m'magalasi
zimene palibe adzadyeremonso.

Yanga ndi yachitatu kuchokera pakhomo.
Ndati yanga, koma a Kerr asamve;
iwo amangodziwa kuti ndimachedwa pamenepo
pofufuta zala za ana asukulu pagalasi.

Ndi yoyera mbee, pakati kadontho kamodzi kakuda, basi,
ngati woumbayo anapumira pomwepo.
Koma m'mphepetemo, abale,
zilembo zaima mozungulira,
zazitali, zowonda, misana yowongoka,
zina zatambalala mpaka kukagunda zinzake,
china chapinda khosi ngati kakowa womvetsera madzi.
Kakhadi kakuti: dongo, utoto wakuda pamwamba pa woyera,
zaka chikwi zapitazo, chakum'mawa kwa Irani.
Dzina la woumba palibe.

Ndinaziphunzirapo zilembo zimenezi, ine.
Ku Ntaja, pakhonde la Shehe Twaibu,
thabwa pamwendo, inki ya mwaye ndi utomoni,
alifu, baa, taa, tikulira ngati achule a m'dambo,
kamkwapulo kakudikira wosinza.
Ndinathawa ndili ndi zaka khumi ndi ziwiri
kukagulitsa zitumbuwa pasiteji ya basi.
Ndiye lero zimandiyang'ana
ngati abale amene sindinapite kumaliro kwawo.
Alifu ndimamuzindikira, laamu nayenso,
koma pambale pano zinavula timadontho tonse
ndipo moni wanga sizivomera.

Lachinayi lina kunagwa mvula yoyenda chammbali ija.
Analowa bambo wa jekete lonyowa,
woyendetsa takisi, dzina pabaji: Daryush.
"Ndikungousa mvula," anatero.
Anaima pa yachitatu, napendeketsa mutu,
nayamba kuzungulira galasi pang'onopang'ono,
poti mbale iyi siiwerengeka utaima malo amodzi.
Woumba anafuna kuti uziitembenuza m'manja;
ife oletsedwa kugwira timatembenuka tokha.

"Dalitso," anawerenga, "ndi mtendere, ndi chimwemwe kwa..."
Anaima.
Pamenepo mpomwe mbale inaswekera.
Okonza anamatapo pulasitala woyera, wosalala,
phale lenilenilo likadali kwawo m'nthaka,
mwina pansi pa munda, mwina pansi pa phula.
"Kwa yani?" ndinafunsa.
"Kwa mwini wake. Zimatha choncho nthawi zambiri."
Anayang'ana wotchi, nathamangira galimoto
asanamulembere chindapusa.

Nthawi zambiri. Osati nthawi zonse.

Nanga mwini wakeyo ndani?
Wamalonda amene ankamweramo msuzi wa mphodza,
mawu n'kumavuuka limodzilimodzi msuziwo ukamaphwa?
Wantchito amene mbaleyi inamupulumuka m'manja,
nagona ndi njala usiku umenewo?
Wokumba amene anaigulitsa pamtengo wa nsapato?
Kapena mzinda uno, umene unailemba nambala kunsi
n'kundilemba ine ganyu yoilondera?

Ndikazimitsa magetsi ndimayambira chakumanja,
monga anatiphunzitsira Shehe,
tochi m'manja, nsapato zikulira pamatailosi,
kuzungulira.
Ndikafika poyera paja ndimaikapo dzina.
Dzulo ndinaika la Asiyatu, mlongo wanga,
amene akudikira opaleshoni ku Zomba mwezi wachinayi uno.
Dzana la a Kerr, bondo lawo silikuwagonetsa.
Tsiku lina la woumba uja, ngakhale sindilidziwa,
ndinangokhala chete kanthawi kokwana dzina.
Tsiku lina la Shehe, ngakhale anatisiya kalekale
ndipo akanandikoka khutu
powerenga zimene sizinalembedwe.

Langa sindinaikepo.
Ndiyambe ndadziwa kaye
kuti chilembo chopinda khosi chija ndi chiti.